Kamba wa Paulendo: M'thumba Kapena M'foni?

Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, Mbuye wa zolengedwa zonse. Madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wathu Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Teremu ikamayamba, misewu imadzaza ndi ana athu. Ena achokera ku Namwera, ena ku Makanjira, ena ku Ntaja ndi ku Balaka, aliyense ndi chikwama chake, ndipo ambiri amakhala atanyamulanso ndalama za fizi zomwe makolo asonkhanitsa movutikira atagulitsa nandolo, mpunga kapena nsomba. Makolo nawonso sakhala pansi. Uyu wapita ku Limbe kukapikula katundu, uyo wakwera basi ya ku Johannesburg, wina akukonzekera ulendo wa Hajj. Onsewa asananyamuke amakumana ndi funso limodzi: kodi ndalamazi tizinyamule m'thumba, kapena tiziike m'foni ndi ku banki kuti tikazitumize pomwe zafunikira?

Mfundo ya phunziro lathu ndi iyi: kamba wa paulendo ndi ndalama yomwe mungaifikire pa nthawi yomwe mwaifuna, komanso yomwe mungafotokoze mmene yayendera kwa mwini wake mukabwerera. Ndalama za m'manja pazokha sizikwaniritsa zonse ziwirizi. Foni payokha siikwaniritsanso. Tiyeni tione chifukwa chake, komanso zomwe Chisilamu chikutiphunzitsa pa nkhaniyi.

Funsoli si latsopano

Mu Surah Al-Kahf timawerenga za anyamata omwe anathawira kuphanga pofuna kuteteza chikhulupiriro chawo. Pa ndime 19 tikumva kuti atadzuka ku tulo tawo tataliti, anatuma mmodzi mwa iwo kumzinda ndi ndalama yasiliva kuti akagule chakudya chabwino, ndipo anamulangiza kuti akachite zinthu mosamala. Ma ulama anaona maphunziro angapo m'ndime imeneyi. Anyamatawa anali oyedzamira kwa Allah kuposa ife, komabe pothawa ananyamula ndalama. Anatuma munthu mmodzi m'malo mwa onse, zomwe zikusonyeza kuti kutuma munthu ndi ndalama n'kololedwa. Ndipo anamukumbutsa kuti wonyamula ndalama kumalo achilendo asamadzionetsere.

Mu Surah Al-Baqarah ndime 197, Asilamu opita ku Hajj akulamulidwa kutenga kamba. Imam Bukhari analemba kuti ndimeyi inatsika chifukwa cha anthu ena a ku Yemen omwe ankapita ku Hajj opanda kamba, n'kumati akuyedzamira kwa Allah, koma akafika ku Makkah ankayamba kupempha anthu. Timadziwanso nkhani ya munthu amene anafunsa Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) ngati amangirire ngamira yake kapena aisiye n'kuyedzamira kwa Allah. Anauzidwa kuti achite zonse ziwiri: aimangirire, ndipo ayedzamire. Kukonzekera bwino za ndalama tisananyamuke ndi kumangirira ngamira kwa masiku ano.

Ngakhale kutumiza ndalama popanda kuzinyamula si nzeru ya dzulo. M'nthawi ya maswahaba, Abdullah ibn al-Zubayr (Allah asangalale naye) ankalandira ndalama kwa anthu ku Makkah, n'kuwalembera kalata yopita kwa m'bale wake Mus'ab ku Iraq. Munthu ankayenda m'chipululu ndi kalata yokha, akafika n'kulandira ndalama zake. Njira imeneyi ankaitcha suftajah. Ma ulama anasiyana maganizo pa iyo. Ena sanaikonde poopa kuti ikufanana ndi ngongole yobweretsa phindu kwa wokongoza, popeza amapindula ndi chitetezo cha panjira. Ena, monga Ibn Taymiyyah ndi wophunzira wake Ibn al-Qayyim, anailoleza chifukwa onse awiri amapindula ndipo palibe woponderezedwa. Ma ulama ambiri a masiku ano amaona kutumiza ndalama kudzera ku banki kapena pafoni ngati ntchito yomwe munthu amakugwirira, ndipo ndalama yomwe amadula ndi malipiro a ntchitoyo, osati riba. Choncho palibe tchimo kwa amene wasankha foni, ndipo palibe tchimo kwa amene wasankha thumba. Chotsala ndi nzeru ndi kusamala.

Kodi ndalama imayenda bwanji pafoni?

Ophunzira ambiri amadziwa kudina manambala, koma sadziwa chomwe chimachitika kuseri. Kuno ku Malawi, Airtel Money inayamba mu 2012 ndipo TNM Mpamba inatsatira mu 2013. Mabanki nawonso ali ndi njira zawo, monga Mo626 ya National Bank of Malawi. Mu 2015 panakhazikitsidwa Natswitch, yomwe inayamba ndi kulumikiza makina a ATM a mabanki osiyanasiyana, ndipo pambuyo pake inalumikizanso maakaunti a ku banki ndi a pafoni. N'chifukwa chake lero kholo lomwe lili ku Lilongwe likhoza kuchotsa ndalama ku banki n'kuzitumiza pafoni ya mwana amene ali ku Mangochi, ndalamayo n'kufika mwanayo asanamalize kumwa tiyi.

Koma dziwani kuti m'foni mwanumo mulibe ndalama. Zomwe zilimo ndi uthenga wonena kuchuluka kwa ndalama zomwe akusungirani. Mukatumiza, makompyuta a kampani amachotsa chiwerengero pa dzina lanu n'kuchilemba pa dzina la mnzanu. Kuti zimenezi zitheke pamafunika zinthu zingapo nthawi imodzi: foni ikhale ndi moto, netiweki ipezeke, makina a kampani kapena a banki akhale akugwira ntchito, ndipo inu mukumbukire nambala yanu yachinsinsi. Manambala monga *211#, *444# kapena *626# safuna bandulo ya intaneti, komabe amafuna netiweki. Mukafuna kuti chiwerengero chija chisanduke ndalama yogwirika, pamafunikanso ejenti amene ali ndi ndalama zokwanira m'kabati mwake. Chimodzi chokha mwa zimenezi chikasowa, ndalama zanu zilipo ndithu, koma simungagulire ngakhale nthochi imodzi.

Pomwe foni imatithandiza

Tiyerekeze kuti fizi ndi zofunika zina za teremu zakwana K250,000. Ndalama yaikulu kwambiri m'dziko muno ndi ya K5,000, yomwe inatuluka mu 2022. Ndiye kuti mwanayo anyamula mapepala 50, ndipo ngati ndi a K2,000 anyamula 125. Mpukutu wotere subisika m'thumba la yunifolomu. M'minibasi yothithikana, pa depoti ya Liwonde kapena ya Limbe, pali anthu omwe ntchito yawo ndi kuyang'ana matumba otupa. Ndalama ya m'manja ikapita yapita: ilibe dzina, ilibe mboni. Koma foni ikabedwa, ndalama zimatsala pa akaunti malinga ngati wakubayo sakudziwa nambala yachinsinsi. Mwini wake amadziwitsa kampani kuti itseke nambalayo, n'kukatenga simukhadi ina ndi chiphaso chake cha unzika.

Ubwino wachiwiri ndi umboni. Ndime yaitali kwambiri m'Qur'an yonse, ndime 282 ya Surah Al-Baqarah, ikunena za kulemba ngongole ndi kuikapo mboni. Ndime yotsatira ikutchula paulendo penipeni, pomwe mlembi sapezeka, n'kuloleza kuti pakhale chikole chogwirika. Izi zikutionetsa kuti paulendo ndi pomwe nkhani za ndalama zimasokonekera msanga, chifukwa anthu ali pachangu ndipo odziwana nawo ali kutali. Kutumiza pafoni kumasiya tsiku, nthawi, kuchuluka kwa ndalama, dzina la wolandira ndi nambala ya umboni. Tinganene kuti mlembi uja tsopano timayenda naye m'thumba. Mikangano yambiri ya "ndinakupatsani" ndi "simunandipatse" imathera pomwepo.

Ubwino wachitatu ndi wakuti thandizo limamupeza munthu komwe ali. Basi ikawonongeka panjira, mwana akadwala, kapena mtengo wa thiransipoti ukakwera mwadzidzidzi chifukwa cha kusowa kwa mafuta, kholo likhoza kutumiza ndalama nthawi yomweyo. Kale zikatere mwana ankagona pa siteji kudikira munthu wachifundo.

Pomwe foni imatisiya

Tsoka silinunkha. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo madera ambiri anakhala mumdima. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anadula misewu ndi milatho m'chigawo chakummwera, magetsi n'kuzima, mafoni ambiri n'kuthera moto. Masiku ngati amenewo, amene anali ndi kenakake m'thumba ndi amene anagula ufa. Ngakhale popanda namondwe, tonse timawadziwa malo okhotakhota m'mapiri ndi midzi ya m'mphepete mwa nyanja komwe netiweki imabwera ndi kupita ngati mphepo.

Palinso anthu ambiri omwe timawafuna paulendo omwe amadalira ndalama ya m'manja: wakabaza, mayi wogulitsa mandasi pawindo la basi, mnyamata wonyamula katundu pa wilibala, wosamalira chimbudzi cha pa depoti. Ena amalola kuwatumizira pafoni, koma amapempha kuti muwonjezere yotapira, ndipo akulondola chifukwa potapa adzadulidwa. Mukamalipira tinthu ting'onoting'ono pafoni kangapo pa tsiku, zodulidwazo zimaunjikana. Chisilamu chimatiletsa kumwaza chuma, ndipo kumwaza kwina kumachitika pang'onopang'ono chonchi, munthu osazindikira.

Ejenti nayenso ndi munthu wa bizinesi yaing'ono. Madzulo, kumapeto kwa mwezi, kapena kumudzi komwe anthu ambiri amatapa kuposa kuika, akhoza kukuuzani kuti ndalama zamuthera. Mukafika pa siteji usiku mutadalira kuti mukatapa pomwepo, mukhoza kupeza kabenchi kokha, mwini wake atapita kunyumba.

Wolemera kwawo, wosauka panjira

Mu Surah At-Tawbah ndime 60 muli magulu 8 a anthu oyenera kulandira Zakaat, ndipo gulu lomaliza ndi ibnus-sabil, kutanthauza wapaulendo amene zamuthera panjira. Ma ulama amafotokoza kuti munthu wotere amapatsidwa zomukwanira kuti akafike kwawo ngakhale atakhala wolemera kwawoko, chifukwa chuma chake sangathe kuchifikira. Taonani mmene Shariah ikuonera nkhaniyi. Siikufunsa kuti munthuyo ali ndi zingati m'dzina lake. Ikufunsa ngati dzanja lake lingafike pa chumacho panopa.

Wapaulendo wa lero akhoza kukhala ndi K500,000 pa akaunti, koma foni yathima, kapena yabedwa, kapena wadutsa malire ndipo simukhadi yake yasiya kugwira. Pa ola limenelo sasiyana ndi wamalonda wakale amene ngamira zake zinatsala kutsidya kwa chipululu. Kwa akuluakulu a komiti ya mzikiti, apa pali phunziro: mlendo wovala bwino akafika pa mzikiti n'kunena kuti wasowa pogwira, tisamuweruze ndi zovala zake. Tifufuze modekha, timubwereke foni aimbire abale ake, timupatse pochajira, ndipo ngati akunena zoona timuthandize. Kwa ife apaulendo, phunziro ndi lakuti tisadziike tokha m'gulu limeneli chifukwa cha kusakonzekera, monga anachitira anthu a ku Yemen aja.

Tikadutsa malire

Abale athu ambiri amayenda maulendo ataliatali. Wopita ku Johannesburg pa basi kudzera ku Mwanza amadutsa Zobue ndi Tete m'dziko la Mozambique, n'kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kenako South Africa pa Beitbridge. Wopita ku Kariakoo ku Dar es Salaam amadutsa pa Songwe. Dziko lililonse lili ndi ndalama yake ndi makampani ake a mafoni. Njira zotumizira ndalama mwachangu zomwe anthu a kumeneko amagwiritsa ntchito, monga PayShap ya ku South Africa yomwe inayamba mu 2023, zimafuna kuti munthu akhale ndi akaunti ya ku banki ya m'dzikomo. Mlendo wongodutsa sangazidalire. Choncho musananyamuke funsani ku banki yanu ngati khadi lanu likagwire ntchito kunja ndi kuti azikakudulani zingati, ndipo mukhale ndi ndalama za m'manja za mayiko omwe mudutsemo, zokwanira chakudya, madzi ndi zofunika zina za panjira.

Apa ndi pomwe lamulo la sarf, kusinthana ndalama ndi ndalama, limatikhudza. Mu hadith yomwe Imam Muslim analemba kuchokera kwa Ubadah ibn al-Samit (Allah asangalale naye), Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) anaphunzitsa kuti golide ndi golide, kapena siliva ndi siliva, azisinthidwa mofanana muyeso komanso pompopompo. Mitundu ikasiyana, mtengo ukhoza kukhala womwe mwagwirizana, koma kupatsana kukhale kwa pompopompo basi. Ma ulama a masiku ano amaika makwacha, marandi, madola ndi mariyali pansi pa lamulo lomweli. Kusintha makwacha ndi marandi n'kololedwa, koma onse awiri alandire zawo asanasiyane. Kupereka makwacha lero kuti mudzalandire marandi sabata yamawa ngati malonda osinthana n'kosaloledwa.

Nanga ngati mbali imodzi yapereka ndalama m'manja, inayo yatumiza pafoni kapena ku banki? Bungwe la ma ulama la International Islamic Fiqh Academy linakambirana nkhani ya kulandira chuma pa msonkhano wake wa ku Jeddah mu 1990, ndipo linagamula kuti ndalama ikalembedwa pa akaunti ya munthu, imawerengedwa kuti wailandira. Apa kutumiza kwa nthawi yomweyo kumatithandiza kukwaniritsa lamulo, chifukwa ndalama imalowa anthu akadali pamodzi. Chofunika n'chakuti musasiyane mpaka mutaona pa akaunti yanu kuti yalowadi.

Nkhani ina imachitika kawirikawiri m'basi: mnzanu wakubwerekani marandi 200 panjira, ndipo mwagwirizana kuti mudzabweza mukafika kumudzi. Ngongole yanu ndi marandi 200, osawonjezera kanthu. Ngati pa tsiku lobweza nonse mwakonda kuti mubweze m'makwacha, muwerengere mtengo wa tsiku lobwezalo ndipo mumalizane pomwepo. Umu ndi mmene Abdullah ibn Umar (Allah asangalale naye) analangizidwira pamene ankagulitsa ngamira pa mtengo wa madinari n'kumalandira madirihamu. Kufunika kwa lamuloli tinakuona mu Novembala 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Anthu omwe sanamvane bwino za mtengo wobwezera anadana pachibale.

Tikumbutsanenso kuti malamulo a dziko lino amafuna kuti ndalama zakunja zizigulidwa ku mabanki ndi kumalo ovomerezedwa ndi Reserve Bank of Malawi. Tikudziwa kuti nthawi zina kumeneko ndalamazo zimavuta kupeza. Komabe wosintha pamsewu amadziika pa ngozi zitatu: kupatsidwa ndalama zachinyengo, kuberedwa powerenga, ndi kulandidwa ndalamazo pachipata chifukwa alibe chikalata chosonyeza komwe anazigula. Yambani kufunafuna nthawi ikadalipo, ndipo malisiti muwasunge pamodzi ndi pasipoti. Opita ku Hajj ndi Umrah adziwenso kuti ma ulama analoleza munthu amene ali mu ihraam kumanga lamba wosungiramo ndalama m'chiuno. Kusamala chuma sikuchepetsa ibaadah.

Ndalama yolowa molakwika ndi misampha ya akathyali

Liwiro lomwe timalikonda pafoni ndi lomwenso limapweteka. Mukalakwitsa nambala imodzi yokha, ndalama imakafika kwa munthu wosamudziwa nthawi yomweyo. Musanaike nambala yachinsinsi, werengani dzina lomwe latuluka, ndipo ngati ndalamayo ndi yambiri yambani mwatumiza yochepa kuti wolandirayo atsimikize. Zikalakwika, imbirani kampani kapena banki mwamsanga wolandirayo asanatape.

Nanga ngati ndalama ya wina yalowa kwa inu? Ena amati ndi rizq yochokera kwa Allah. Ayi ndithu. Qur'an, mu Surah An-Nisa ndime 29, ikutiletsa kudyerana chuma m'njira zachinyengo. Ngakhale chinthu chotola panjira, Shariah imatilamula kuchilengeza kwa chaka chathunthu pofunafuna mwini wake. Nanga kuli bwanji ndalama yomwe yabwera ndi dzina ndi nambala ya mwini wake? Imeneyo ndi amanah, ndipo iyenera kubwerera.

Koma pobweza chenjerani, chifukwa akathyali amagwiritsa ntchito mtima wabwino womwewu. Amatumiza uthenga wabodza wofanana ndi wa kampani, kenako n'kuimba akulira kuti atumiza molakwika. Inu mukatumiza, mwapereka ndalama zanu zomwe. Musakhulupirire uthenga kapena chithunzi. Funsani nokha ndalama zotsala pa akaunti yanu, ndipo njira yabwino ndi kupempha kampani kuti ibweze yokha. Ena amaimbira makolo kuti mwana wawo wachita ngozi panjira kapena wagonekedwa kuchipatala, ndipo ndalama itumizidwe msanga pa nambala yakuti. Amasankha dala masiku otsegulira sukulu, podziwa kuti mitima ya makolo ili m'mwamba. Mukalandira foni yotere, dulani kaye, muimbire mwanayo kapena ofesi ya sukulu pa nambala yomwe mukuidziwa kale. Ndipo palibe wogwira ntchito weniweni wa banki kapena wa kampani ya mafoni amene angakufunseni nambala yanu yachinsinsi.

Msampha wina ulibe nkhope ya wakuba. Munthu zikamuthera panjira, foni imamuonetsa mwayi wa ngongole yofulumira yodzabweza ndi yowonjezera pakapita masiku ochepa. Kusiyana kwake ndi malipiro otumizira kuonekeratu: potumiza mumalipira ntchito yomwe akugwirirani, pomwe pa ngongole yotere mumabweza ndalama zambiri kuposa zomwe munatenga chifukwa cha nthawi. Imeneyo ndi riba, dzina lomwe aipatsa likhale lokoma chotani. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kukonzekera bwino ulendo kumatiteteza kuti tisafike pokakamizika kutero.

Tichite bwanji tsono?

Kwa inu ophunzira: fizi isayende m'chikwama chanu ngati pali njira yoti makolo alipire ku akaunti ya sukulu. Inu nyamulani ya thiransipoti ndi chakudya, ndi ina yapadera yokwanira kukwereranso galimoto ina ngati yoyamba yawonongeka. Ikhale yosinthasintha, ya K500 ndi K1,000, kuti musamatulutse zambiri pagulu kapena kukangana ndi kondakitala pa nkhani ya chenji. Igaweni pawiri: ina pafupi, ina pobisika. Foni muichaje usiku woti mawa ulendo, ndipo musamalize moto ndi magemu panjira. Lembani papepala manambala awiri, ya kholo ndi ya sukulu, chifukwa foni ikatayika manambala onse amapita nayo. Nambala yachinsinsi isakhale chaka chanu chobadwa, ndipo musailembe kuseri kwa foni.

Kwa inu makolo athu: mukalipira ku banki kapena pafoni, lembani dzina lonse la mwana ndi kalasi yake, sungani uthenga kapena lisiti, ndipo mwanayo akatenge lisiti ya sukulu akafika. Gwiritsani ntchito akaunti yokhayo yomwe ofesi ya sukulu inakupatsani m'kalata. Wina akakuuzani pafoni kuti akaunti yasintha, bwerani mudzafunse. Inu amalonda opita kukapikula, mpamba waukulu ukhale ku akaunti, mukatape kapena mukalipire mukafika, ndipo muwerengeretu zodulidwa ngati gawo la mtengo wa katundu. Dziwaninso kuti akaunti iliyonse ili ndi malire a ndalama zomwe ingatumize pa tsiku, funsani musananyamuke. Pomaliza, pakhale munthu mmodzi wodalirika m'banja amene akudziwa kuti muli ndi maakaunti kwakutikwakuti. Moyo uli m'manja mwa Allah, ndipo chuma chomwe alowam'malo sakuchidziwa sichingagawidwe monga Shariah ikufunira.

Kwa akuluakulu a komiti ya mzikiti: ndalama za Zakaat, za Sadaqah kapena zomangira mzikiti ndi amanah yolemera kuposa ndalama zathu. Mukatuma munthu kukagula malata kapena simenti mumzinda, ndi bwino kulipira wogulitsayo kuchokera ku akaunti ya mzikiti, wotumidwayo n'kungonyamula ya panjira. Zopereka zisalowe pa nambala ya munthu payekha pomwe zingasakanikirane ndi ndalama za pakhomo pake. Ngati palibe kuchitira mwina koma kunyamula m'manja, apite anthu awiri, ndalama ziwerengedwe pamaso pa mboni ponyamuka, ndipo pobwera malisiti alembedwe m'buku. Lamulo la fiqh ndi lakuti wosungitsidwa chinthu salipira chikatayika popanda kunyalanyaza kwake, koma amalipira ngati ananyalanyaza. Dongosolo lotere limateteza chuma cha mzikiti, komanso limateteza mbiri ya wotumidwayo ku manong'onong'o.

Mwachidule, zambiri zikhale ku akaunti komwe kuli chitetezo ndi umboni, zochepa zikhale m'thumba zokwanira kukufikitsani komwe mukupita ngakhale foni itathima tsiku lonse. Mukatero, werengani dua ya paulendo, n'kusiya zotsalazo kwa Allah.

Mafunso okambirana m'kalasi ndi kunyumba

1. Tchulani maphunziro atatu okhudza ndalama omwe tikuwapeza mu Surah Al-Kahf ndime 19.

2. Kodi malipiro otumizira ndalama akusiyana bwanji ndi riba?

3. Munthu ali ndi ndalama zambiri pa akaunti koma foni yake yabedwa ali kutali ndi kwawo. Kodi angathandizidwe ndi Zakaat? Fotokozani chifukwa chake.

4. Mwalandira uthenga woti ndalama zalowa pafoni yanu, ndipo wina akuimba kuti mumubwezere. Tchulani zomwe mungachite, motsatana.

5. Pamodzi ndi makolo anu, werengerani ndalama za ulendo wochokera kwanu kufika kusukulu kuno. Ndi zingati zoyenera kukhala m'thumba, ndipo ndi zingati zoyenera kudzera ku akaunti?

Tikupempha Allah ateteze apaulendo athu onse, adalitse chuma chomwe makolo amachipeza ndi thukuta, ndipo atipange kukhala osunga amanah poyera ndi pobisika. Allah ndiye Wodziwa kwambiri.